Musanachotse Mwana pa Sukulu Kuti Mupite Naye Kumudzi

Ndaphunzitsa m'sukulu za pulayimale kuno ku Harare kwa zaka zoposa 20, ndipo sindikumbukira teremu imene inatha popanda kholo lina la kwathu kundiimitsa, kaya potuluka m'tchalitchi, kaya pamsonkhano wa bungwe lathu la maliro, kaya pa WhatsApp anthu atagona kale, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, tikufuna kupita ndi ana kumudzi sukulu zisanatsekere, kodi pali vuto?" Ofunsawo ndi a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Epworth. Ena anabadwira konkuno, makolo awo atabwera pa nthawi ya Chitaganya kapena kale kuposa apo, ndipo akufuna kuti ana akaone kumene agogo awo anachokera. Ena anabwera posachedwapa ndipo mayi awo akadali moyo ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi. Yankho ndalibwereza mpaka kukhosi kuuma, choncho ndaganiza zolilemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Makolo ambiri amaopa ahedi, poganiza kuti akangopeza chilolezo ndiye kuti nkhani yatha. Koma m'zaka zonsezi ndaona ana ochepa kwambiri amene anabwerera m'mbuyo chifukwa cha masiku asanu opemphedwa bwino. Amene ndinawaona akugwa ndi aja amene makolo awo anapempha sabata imodzi n'kubwera patatha masabata atatu kapena anayi. Mukafika pa mfundo 7, chonde musathamange.

1. Yambani mwayang'ana kalendala ziwiri, ya kuno ndi ya ku Malawi.

Chaka cha sukulu ku Zimbabwe chimayamba mu Januwale ndipo chili ndi materemu atatu a masabata pafupifupi 13. Ana amapuma mu Epulo, mu Ogasiti, ndiponso kuyambira kumayambiriro kwa Disembala mpaka cha m'sabata yachiwiri ya Januwale. Masiku enieni amalengezedwa ndi unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale, ndipo ofesi ya sukulu iliyonse imakhala nawo. Ku Malawi chaka chimayamba mu Seputembala n'kutha mu Julayi, motero holide yawo yaitali imagwa mu Ogasiti. Mwezi umenewu ana a mbali zonse ziwiri amakhala pakhomo nthawi imodzi, mvula kulibe, misewu ya kumudzi ikuyendeka, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo ndi nyengo imene anthu amakonda kuchita maukwati, ziliza ndi sadaka. Ngati mwambo umene mukupitirawo tsiku lake silinakhazikike, imbani foni msanga n'kupempha kuti auike mu Ogasiti. Achibale ambiri sadziwa n'komwe kuti kalendala zathu n'zosiyana, ndipo akauzidwa nthawi ikadalipo kawirikawiri savuta.

Maliro ndi matenda sizidikira holide, zimenezo tonse tikudziwa. Koma ngati muli ndi mpata wosankha, masiku amene mwana angataye popanda kupwetekeka kwambiri ndi a sabata yomaliza ya teremu, mayeso atalembedwa kale, pamene aphunzitsi atanganidwa ndi kuchonga ndi kulemba malipoti. Masiku oipitsitsa ndi a sabata yoyamba ya teremu ya Januwale, ndipo apa mpamene ambiri amalakwitsa. Banja limapita kukadya Khirisimasi, limaona kuti mabasi adzaza ndipo mitengo yakwera, n'kugwirizana kuti, "Tibwerere anthu akachepa, sabata yoyamba saphunzira kanthu." Chonsecho m'sabata imeneyo ndi mmene mwana amapatsidwa kalasi, mphunzitsi watsopano, mpando ndi mabuku. M'sukulu zodzaza za m'malokeshoni, kumene ena amalowa m'mawa ena masana posinthana zipinda zomwezo, pageti pamakhala makolo ena akupempha malo, ndipo mwana amene sanaoneke, uthenga wakenso osamveka, malo ake amakhala pangozi.

2. Ngati mwana ali m'kalasi ya mayeso, msiyeni.

Ndikunena za Giredi 7, Fomu 4 ndi Fomu 6. Bungwe la mayeso la ZIMSEC limalembetsa mayeso a Giredi 7 kuyambira chakumapeto kwa Seputembala kulowa mu Okutobala, a Fomu 4 ndi Fomu 6 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo ena amalemba gawo la mayeso awo pakati pa chaka, cha mu Juni. Pepala likadutsa ladutsa, palibe amene adzalibweza chifukwa mwana anali pa ulendo wa banja. Komanso masiku ano malikisi sachokera ku mayeso omaliza okha. Mu 2021 kunabwera ntchito zija zotchedwa CALA, zimene zinkatenga malikisi 30 pa 100 aliwonse ndipo zinatopetsa makolo ndi aphunzitsi omwe, kenako mu 2024 boma linazichotsa n'kuikapo maprojekiti ochitira pa sukulu. Dzina lasintha, koma projekiti ili ndi tsiku lake loperekera, ndipo mphunzitsi amayenera kuiona ikukula pang'onopang'ono. Ngakhale mwana wanu asali m'kalasi ya mayeso, funsani ngati pali projekiti imene tsiku lake likugwa m'kati mwa ulendowo.

Mwana wotsalayo mumusiye m'manja mwa munthu wamkulu wodalirika amene adzagona m'nyumba momwemo, ndipo dzina ndi nambala ya munthuyo muzisiye ku sukulu. Kumusiya ndi mkulu wake wa Fomu 3 sikumusiya ndi munthu.

Pali msampha wina wa Giredi 7. Mayeso akatha mu Okutobala makolo amapumira m'mwamba n'kuona ngati mpata wapezeka, ndipo n'zoonadi kuti imeneyi ndi nthawi yabwino yopita naye, malinga ahedi adziwa. Koma zotsatira zimatuluka chaka chisanathe, ndipo mpamene anthu amathamangira malo a Fomu 1. Ofuna sukulu zogonera komweko amafunsira pa intaneti kudzera pa eMAP, pomwe sukulu zoyendera zimafuna kuti kholo lifike ndi pepala la zotsatira ndi setifiketi yobadwira. Amene amabwera mu Januwale amapeza malo abwino atatha kalekale.

3. Zikalata zikhale m'manja musanatchule tsiku kwa aliyense.

Msewu wa ku Blantyre ndi wa makilomita pafupifupi 600. Umadzera ku Mutoko, kutulukira pa Nyamapanda, kulowa Mozambique pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi ku Tete, kutulukira pa Zóbuè n'kulowa Malawi pa Mwanza. Opita chigawo chapakati ambiri amapatukira njira ya Calomue n'kulowera pa Dedza. Njira iliyonse mwa izi mudzadinditsa kanayi popita, kanayinso pobwera, ndipo paliponse akhoza kufunsa za mwana.

Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ndipo muitsegule lero muone tsiku lothera, chifukwa mapasipoti a ana amakonda kutha makolo asakuyembekezera. Ndi bwino kuti ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera 6. Tenganinso setifiketi yobadwira, ija yaitali yoonetsa mayina a makolo onse awiri. Ngati mwana akuyenda ndi kholo limodzi, kapena ndi agogo kapena azakhali, pamafunika afidaviti, imene ndi kalata yolumbira yosainidwa pamaso pa munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu, monga loya, yonena kuti kholo lotsalalo lavomereza ulendowo. Muphatikizepo kope la chitupa cha wosainayo, ndipo ngati kholo linalo linamwalira, mutenge setifiketi ya imfa. Malangizo anga ndi akuti ngakhale mukunyamuka nonse awiri, bambo alembe yawo, mayi alembe yawo. Chifukwa chake muchiona pa mfundo 7.

Ife a kwathu tilinso ndi vuto lathulathu. Alipo obadwira konkuno amene zitupa zawo zikadali zija zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 amati munthu amene anabadwira ku Zimbabwe malamulowo asanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, la maiko a kumwera kwa Africa, monga Malawi, ndipo iye ankakhala konkuno, ndi nzika mwa kubadwa. Komabe pepala silisintha lokha, mumayenera kukalikonzetsa ku ofesi ya kalembera wamkulu, ndipo pasipoti ya mwana imatsamira pa zikalata zanu. Amene muli ndi mapasipoti a ku Malawi, funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi kuno ku Harare nthawi ikadalipo. Ntchito imeneyi si yoyamba sabata ya ulendo. Ndipo wina akakuuzani kuti adziwa njira yachidule yodutsira ndi mwana wopanda pepala, kanani, chifukwa kupita mwina mudzapita koma pobwera ndi pamene mudzalire.

4. Lembani kalata, ndipo mupite nayo nokha kwa ahedi.

Pitani kukadali masabata awiri. Kalatayo ikhale ya Chingerezi kapena Chishona, yaifupi, yonena dzina la mwana, kalasi yake, chifukwa chenicheni cha ulendo, tsiku lomaliza limene adzakhale m'kalasi, tsiku limene adzakhalenso pa desiki yake, ndi nambala ya foni imene idzagwire muli ku Malawi. Taonani kuti ndati tsiku lokhala pa desiki, osati tsiku lonyamuka kumudzi. Lembani makope awiri, mupemphe kuti limodzi alidinde likhale lanu. Kutuma mwana kuti akanene pakamwa, kapena kungoponya uthenga pa gulu la WhatsApp la kalasi, sikupempha chilolezo.

Mphunzitsi aliyense amachonga kaundula wa kalasi m'mawa uliwonse, buku lija timalitcha rejisitala, ndipo ahedi amayankha kwa akuluakulu a maphunzo a boma pa zimene zili m'menemo. Funsani mosabisa kuti mwana akajomba masiku angati dzina lake limafufutidwa pa sukulu imeneyo, ndiponso ndi mayeso ati amene agwe iye kulibe. Safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti lamulo la maphunziro litasinthidwa mu 2020, maphunziro oyambirira anakhala okakamiza, ndipo kholo lomana mwana maphunziro likhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri. Lamulolo kwenikweni linalozera anthu osunga ana pakhomo osawatumiza ku sukulu, koma likuthandizani kumvetsa chifukwa chimene ahedi sangangonena kuti "yendani bwino" osafunsa mafunso. Akakana, mverani zifukwa zawo musanapse mtima, mwina akuona mayeso amene inu simukuwadziwa. Sukulu zogonera komweko ndi zomwe si zaboma zili ndi malamulo akeake amene munasainira polembetsa mwana, choncho kawerengeninso pepala lija.

Cholakwa chimene ndachiona kambiri ndi kunama kuti mwana akudwala. Mtsikana wina wa Giredi 3 anasowa masiku asanu ndi atatu, mayi ake atatumiza uthenga woti wadwala chifuwa. Tsiku lobwera, ndisanamalize n'komwe kuitana mayina, anali ataimika kale dzanja kuti atiuze za mlatho wautali wa pa Zambezi ndi mmene basi inkayendera pang'onopang'ono pamwamba pa madzi. Kalasi yonse inaseka, iye osadziwa chimene walakwa, kenako anakumbukira zimene anauzidwa kunyumba n'kuyamba kutsokomola mokakamiza. Ndinamumvera chisoni. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sangasunge chinsinsi cha Zambezi, ndipo kholo limene lagwidwa bodza kamodzi, tsiku limene mwana adzadwaledi lidzafunsidwa khadi la ku kiliniki.

5. Lipirani fizi musananyamuke.

Fizi ndi levi ya komiti yotukula sukulu ndi za teremu yonse, sizichepa chifukwa mwana wajomba. Malizani kulipira, kapena gwirizanani ndi a mu ofesi polemba, ndipo risiti muisunge. N'kovuta kupempha chilolezo cha ulendo wa kunja kwa dziko muli ndi ngongole ya teremu yatha, ndipo mukabwera kumudzi m'thumba mudzakhala mulibe kanthu.

6. Kaonaneni ndi mphunzitsi wa kalasi, ndipo ntchito yotenga ikhale yochepa.

Ahedi amapereka chilolezo, koma wodziwa chimene mwana aphonye ndi mphunzitsi wake. Musamufikire madzulo a tsiku lomaliza n'kunena kuti, "Mumpatse ntchito ya masabata awiri." Ali ndi ana 50 kapena kuposa, sangakulembereni silabasi ali chiimire pakhomo. Mufunseni kukadali sabata kuti atchule mitu imene aphunzitse, makamaka ya masamu, chifukwa masamu amamangidwa ngati khoma, njerwa pamwamba pa inzake, ndipo mzere umodzi ukasowa zonse zapamwamba zimapendekeka. Mabuku a sukulu nthawi zambiri salola kutuluka nawo, choncho chititsani fotokope masamba ofunikawo. Kuwajambula pa foni kumathandiza, koma kumudzi kumene mukupitako mwina kotchajira foni kuli pa mtunda wa ola limodzi. Pemphaninso kholo la mnzake wa mwanayo kuti pobwera adzamubwereke makope.

Ndinene chilungamo: ntchito yambiri imene ana amanyamula imabwerera mmene inapitira, itangonunkha utsi. Theka la ola m'mawa uliwonse, dzuwa lisanatenthe ndiponso asuweni asanabwere kudzamutenga, ndi zimene zimatheka. Abale a kumudzi akhoza kumuthandiza masamu ndi Chingerezi, koma Chishona chikhala cha inu nokha. Chimene ndimakonda kupempha ndi kope limodzi latsopano, loti mwana azilembamo ziganizo zisanu za Chingerezi tsiku lililonse pa zimene waona: malambe a m'njira ya ku Tete, ndalama zitatu zosiyana zimene zadutsa m'manja mwa bambo ake, chigayo, dambwe limene anamuletsa kuyandikira. Kope limenelo ana amalilemba mokondwa, ndipo ulendowo umakhala kuti wawaphunzitsadi kanthu.

7. Khazikitsani tsiku lobwerera, ndipo mukonzeke kulitchinjiriza kwa abale anu omwe.

Mfundo iyi ambiri amailumpha, mwina chifukwa sikhudza ofesi iliyonse, imakhudza mayi anu okubalani. Ndinaphunzitsapo mnyamata wina mu Giredi 5 amene bambo ake anabwera ndi kalata yolembedwa bwino, yopempha masiku asanu kuti akakhale nawo pa chiliza cha agogo cha ku Ntcheu. Mwanayo anabwerera m'kalasi patapita masiku 24. Pochoka tinali tikuyamba kumene mafulakishoni, pobwera anapeza talowa m'madesimali. Ndimakumbukira mmene ankakhalira, mutu ataweramitsa, akukopera manambala a pabolodi mosamala kwambiri osaphonya ngakhale kadontho, koma osadziwa kuti kadonthoko kakunena chiyani. Anali mwana wanzeru wosazolowera kulephera, ndipo manyazi anamutseka pakamwa moti sanafunse funso mpaka teremu kutha. Bambo ake sanali munthu wotayirira. Anandifotokozera okha mmene masikuwo anathera, ndipo nkhani yomweyo ndaimvanso kwa ena ambiri.

Kumudzi palibe amene amakuuzani kuti musapite. Amangoti mphale ikadali yonyika, ufa wa kamba wanu sunayanikidwe, dikirani mkuja. Mkuja akafika amati simunakalonjere azakhali a kutsidya, adzadandaula moyo wawo wonse. Kenako kugwa maliro m'mudzi woyandikana, ndipo munthu sunganyamule chikwama anthu akulira. Kenako amalume akuti pali nkhani ya malire a munda yofunika kuti inu mukhalepo. Pamapeto pake mayi anu, atakhala pakhonde mdzukulu ali pamwendo, amanena motsitsa mawu kuti, "Zaka zonsezi, lero mwabwera kudzangoonetsa nkhope? Kodi mudzandipezanso?" Wina pambali amaponyapo dzina lija la mtchona, limene kwathu amatchula munthu amene anapita kunja kukagwira ntchito n'kuiwala kwawo, ndipo dzina limenelo limatiluma ife a ku Harare kuposa wina aliyense. Mwa zifukwa zonsezi palibe chabodza, n'chifukwa chake kuzikana kumavuta.

Mankhwala ake ndi akuti tsiku lobwerera lifike kumudzi inu musanafike. Imbirani mwini mbumba, kaya ndi amalume anu kaya achimwene aakulu, muwauze kuti mudzafika tsiku lakuti n'kunyamuka tsiku lakuti chifukwa cha sukulu ya ana, ndipo muwapemphe kuti iwo ndiwo auze banja. Mawu akatuluka pakamwa pa mwini mbumba amakhala chigamulo cha banja lonse, pamene akatuluka pakamwa panu usiku womaliza amamveka ngati mukuthawa. Kope lodindidwa lija la kalata ya ahedi mulitenge mukawaonetse. Akuluakulu a kwathu amalemekeza chidindo, ndipo amalemekezanso munthu wosunga pangano.

Kwathu munthu satsanzika tsiku lonyamuka. Mukangofika, khalani pansi ndi mayi kapena alongo anu muwerenge makomo amene muyenera kukalonjera, muyambe mawa lake lomwe, ndipo muyambire akutali. Za ufa, nyemba ndi mtedza wa kamba munenetu tsiku loyamba. Masiku awiri omaliza akhale a pakhomo, kuti agogo akhute mdzukulu wawo, pakuti kawirikawiri chimene chimawawa si kuchepa kwa masiku koma kuti masikuwo anathera m'misewu.

Ndalama yobwerera isakhale m'thumba limodzi ndi ina. Kumudzi ndalama imasungunuka: chipepeso apa, sopo apo, mbuzi ya pamwambo, wodwala wofunika kupita naye ku chipatala, ndipo simungakane muli nayo m'manja. Mabanja ambiri amene anachedwa kubwera, mukafunsitsa, anali akudikira kuti wina awatumizire thiransipoti. Ngati kampani ya basi ikulola, gulani tikiti yobwerera musanachoke. Ngati sizitheka, siyani ndalamayo kwa munthu wokhulupirika kuno ku Harare kuti adzaitumize pa Mukuru kutatsala masiku awiri, kapena muisunge m'madola pamalo amene mukudziwa awiri nokha. Funsaninso ku Roadport kapena ku Mbare Musika, kumene mukwerere, kuti basi yochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe imanyamuka masiku ati, ndipo musankhe yofika kuno Lachisanu kapena Loweruka. Pa zipata pamachedwetsa, basi imawonongeka, ndipo mwana amene watsika usiku wa Lamulungu atakhala tsiku lonse pampando adzagona pa desiki Lolemba.

Zikachitika kuti nkhani ya kumudzi ndi yosasiyika, monga matenda akula kapena maliro agwa m'banja momwemo, gawanani. Mmodzi atsale, wina abwere ndi ana pa tsiku lomwe lija. Apa mpamene maafidaviti awiri aja amagwira ntchito, chifukwa kufunafuna wolumbiritsa muli pakati pa maliro kumudzi ndi chinthu chimene simungachikwanitse. Ngati kuchedwa sikungapeweke ngakhale pang'ono, imbirani sukulu tsiku lolonjezedwalo lisanakwane, osati litadutsa.

Kwa mayi anu musayankhe ndi ukali kapena ndi Chingerezi. Khalani pansi pamphasa, munene monga mwana wawo: "Amayi, ife kukhala tikufuna, koma mdzukulu wanuyu dzina lake lili m'kaundula, ndipo ahedi tinawalonjeza Lolemba. Tikanama ulendo uno, ulendo wina sadzatilolanso kubwera naye." Ndipo mutchule mwezi umene mukuganiza kudzabweranso, ngati mukudziwa kuti mudzakwanitsa. Iwo omwe ndiwo anatiphunzitsa kuti mlendo ndi mame.

Mwina adzati, "Basi msiyeni konkuno, sukulu ilipo pafupi." Musavomere chifukwa cha manyazi. Pulayimale ya ku Malawi imafika Sitandade 8 pamene ya kuno imathera Giredi 7, chaka chawo chimayamba mu Seputembala, mayeso ndi ena, ndipo mwana wolankhula Chichewa cha ku Mbare adzapeza kuti kuchilemba ndi nkhani ina. Ngati mukufunadi kuti akaphunzire kumudzi, imeneyo ndi nkhani yokambirana modekha kuno, ndi kalata yosamutsira, pa nthawi yake.

8. Samalani malungo.

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo malungo si ofala mu mzinda muno, choncho ana okulira kuno thupi lawo silinawazolowere ngati asuweni awo. Chigwa cha Zambezi, chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja ndi malo a malungo, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo. Pitani ku kiliniki kukadali masabata awiri mukafunse za mankhwala oteteza, ndipo neti munyamule yanu, musayembekezere kuti mukaipeza. Malungo amayamba kuonekera patapita sabata kapena kuposa chilumidwire, motero mwana akhoza kutentha thupi mutabwera kale. Zikatero thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo ndipo munene poyambirira penipeni kuti munali ku Malawi kudzera ku Tete, kuti amuyeze magazi m'malo mongoganizira chimfine. Amene mukafike ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, kumbukiraninso likodzo, ndipo mwana akasamba m'nyanja mudzamuyezetse ngakhale akuoneka bwino.

9. Mukabwera, mperekezeni nokha tsiku loyamba.

Musadikire kuti apume mpaka Lachitatu. Lolemba lomwe munalemba m'kalata muja, yunifolomu yochapa, mupite naye, mukaonekere ku ofesi kuti adziwe kuti mwasunga pangano, kenako muonane ndi mphunzitsi wake kwa mphindi zochepa. Mufunse zinthu ziwiri: mitu imene yadutsa, ndi mayeso kapena ntchito yochongedwa imene angathe kulembabe. Madzulo omwewo abwereke makope a mnzake uja n'kuyamba kukopera, phunziro limodzi patsiku, kuyambira masamu. Koma kukopera si kumva, monga ndinaonera kwa mnyamata wa madesimali uja. Akamaliza tsamba, tsekani kope, mumupatse samu imodzi yofanana nayo aichite inu mukuona, kenako akufotokozereni mmene waichitira, m'Chichewa kapena m'Chishona, chilankhulo chilichonse chimene lilime lake limamasuka nacho. Akakakamira pamalo amodzi masiku awiri, lembani kakalata kwa mphunzitsi kotchula tsamba ndi nambala ya samuyo. Mphunzitsi wa ana 50 sangabwereze masabata awiri chifukwa cha mwana mmodzi, koma samu imodzi yotchulidwa bwino akhoza kuifotokoza pa nthawi yopuma.

Lachisanu la sabata yachiwiri mupitenso mukafunse ngati wafanana ndi anzake, ndipo popita mutenge kope la ulendo lija kuti mphunzitsi alione. Mtedza pang'ono wa m'kamba uja mupatse banja limene linabwereketsa makope.